Laser ndi kuunika kwa m'Baibulo: mafunso ndi mayankho

Fanizo la laser lalowa kwambiri m'maulaliki a masiku ano. Wina amati mpingo wogwirizana uli ngati laser, umaboola chitsulo. Wina amati pemphero lanu lilunjike ngati laser, lisamwazike. Kwinaku kuli abale ndi alongo amene akaona kakuwala kofiira kowerenga mtengo wa katundu m'sitolo, mtima umathamangira ku Chivumbulutso 13, kumene kuli chizindikiro cha chilombo ndi nambala 666. Onsewa akunena za chipangizo chimene ambirife sitinachionepo m'kati mwake. Tiyambe ndi chipangizocho, kenako tione ngati chikufanana ndi kuunika kumene Malemba amanena.

Kodi laser ndi chiyani, ndipo imasiyana pati ndi tochi?

Zonse ziwiri zimatulutsa kuwala, koma kuwala kwake n'kosiyana khalidwe. Kuwala kwa dzuwa, kwa babu kapena kwa tochi n'kosakanizika. Muli mitundu yambiri, yomwe ija imaonekera payokhapayokha mu utawaleza, ndipo kumamwazikira mbali zonse. Kuwala kumayenda mwa mafunde, ndipo m'kuwala wamba funde lililonse limayenda palokha, ili likukwera ilo likutsika.

M'laser mafunde onse ndi a mtundu umodzi, amakwera pamodzi, amatsika pamodzi, ndipo amalowera kumodzi. N'chifukwa chake tochi mukailozetsa patali kuwala kwake kumatambasuka mpaka kuzilala, pomwe laser imakafika pakhoma lakutali ikadali kadontho. Sikuti mphamvu yake imakhala yambiri nthawi zonse ayi. Kalaser kovomerezeka kolozera pabolodi sikapitirira mamiliwati 5, ndiye kuti magawo 5 mwa magawo 1,000 a wati imodzi. Babu lakale la mawati 60 limadya magetsi oposa pamenepo kutalitali. Kusiyana kwake n'kwakuti babu limagawira chipinda chonse, pamene laser imaunjika zonse pamalo amodzi.

Kuwala koteroko amakupanga bwanji?

Zinthu zonse n'zopangidwa ndi tizidutswa tosaoneka ndi maso totchedwa maatomu. Atomu ikalandira mphamvu yoonjezera sikhala nayo nthawi yaitali. Imaitaya, ndipo nthawi zambiri imaitaya ngati kachidutswa ka kuwala kotchedwa photon. M'babu, atomu iliyonse imataya pa nthawi yake, kulowera kulikonse. Mu 1917 Albert Einstein anaonetsa mwa masamu kuti pali njira ina: photon ikadutsa pa atomu yomwe ili kale ndi mphamvu yoonjezera, imaichititsa kutulutsa photon yachiwiri yofanana nayo ndendende, mtundu womwewo, njira yomweyo. Ziwirizo zikakumana ndi maatomu ena zimakhala 4, kenako 8, kumangochulukana.

Laser yoyamba inali kandodo ka mwala wofiira wa ruby wopangidwa m'fakitale, kozunguliridwa ndi nyali yothwanima ya mtundu umene ojambula zithunzi amagwiritsa ntchito. Nsonga zonse ziwiri anazipaka siliva kuti zibweze kuwala. Nyali ija ikathwanima, maatomu a m'mwalawo ankadzala mphamvu, kuwala n'kumabwerera uku ndi uku pakati pa nsonga ziwirizo kukukulirakulira, ndipo pang'ono pokha kunkatulukira mbali imodzi. Kotulukako ndiye laser. Masiku ano m'malo mwa ruby amaika mpweya, galasi kapena tizipangizo tating'onoting'ono ta magetsi, koma nzeru yake ndi yomweyo.

Anaitulukira ndani?

Woyamba kuyatsa laser anali Theodore Maiman, pa 16 May 1960, ku Hughes Research Laboratories m'tauni ya Malibu ku California. Koma njira anali atailambula ena. Pofika 1954, Charles Townes wa ku Columbia University ndi anzake anali atapanga kale chipangizo chotchedwa maser, chimene chimachita zomwezi ndi mafunde osaoneka a microwave. Ku Moscow, Nikolay Basov ndi Aleksandr Prokhorov ankafufuza zomwezo paokha. Mu 1958 Townes ndi mlamu wake Arthur Schawlow anafalitsa pepala lofotokoza momwe nzeruyi ingagwirire ntchito pa kuwala. Townes, Basov ndi Prokhorov analandira mphoto ya Nobel mu 1964. Maiman sanailandire konse. Gordon Gould, amene anali wophunzira pa Columbia nthawi imeneyo, anakhala akulimbana m'makhothi kwa zaka pafupifupi 30 kuti umwini wa zina mwa nzeruzi ukhale wake, ndipo pamapeto pake anapambana.

Nanga ife kuno imatikhudza pati?

Tsiku ndi tsiku, mosadziwa. Ulaliki umene wachibale wakutumizirani pa WhatsApp kuchokera ku Johannesburg kapena ku London umayenda gawo lalikulu la ulendo wake ngati kuthwanima kwa laser m'kati mwa ulusi wa galasi. Charles Kao ndiye anaonetsa mu 1966 kuti galasi loyeretsedwa bwino likhoza kunyamula kuwala mtunda wautali, ndipo analandira Nobel mu 2009. Zingwe za pansi pa nyanja yamchere monga SEACOM, imene inayamba kugwira ntchito mu 2009, ndi EASSy ya mu 2010, zimatulukira kumtunda ku Dar es Salaam ndi ku Maputo. Dziko la Malawi, popeza silinagundane ndi nyanja yamchere, limalumikizidwa ku zingwe zoterezi kudzera m'mayiko oyandikana nalo.

Ma CD a nyimbo za kwaya, amene anayamba kugulitsidwa padziko mu 1982, amawerengedwa ndi laser. Makina ambiri osindikizira m'maofesi, zida zina za amisiri omanga zoonera ngati khoma lawongoka, zonsezi ndi laser. Mu July 1969 oyenda m'mlengalenga a Apollo 11 anasiya pa mwezi chipangizo chobweza kuwala. Mpaka lero asayansi amachiwombera laser, kuwala n'kupita ndi kubwerako m'masekondi pafupifupi 2.5, ndipo ndi mmene anadziwira kuti mwezi ukutitalikira ndi masentimita 3.8 pachaka.

Ndinamva kuti mmodzi mwa otulukira laser anali Mkhristu. N'zoona?

N'zoona. Charles Townes anali wopemphera moyo wake wonse, wa mpingo wa United Church of Christ. Ankakonda kufotokoza kuti nzeru ya maser inamufikira m'mawa wina wa mu April 1951 atakhala pabenchi m'paki ya Franklin ku Washington, ndipo ankayerekeza kutseguka maganizo kotereku ndi vumbulutso. Mu 1966 analemba nkhani yonena kuti sayansi ndi chipembedzo zikulowera kumodzi, ndipo mu 2005 analandira mphoto ya Templeton, imene imaperekedwa kwa anthu othandiza pa nkhani za uzimu. Anamwalira mu 2015 ali ndi zaka 99. Kale kwambiri iye asanabadwe, James Clerk Maxwell, amene anaonetsa m'zaka za m'ma 1860 kuti kuwala ndi mafunde a magetsi ndi maginito, anali mkulu wa mpingo wa Church of Scotland.

Koma tisanamizane. Zimenezi zikungotsutsa bodza lakuti munthu wa sayansi sangakhale wokhulupirira. Sizikutsimikizira kuti laser ndi ya Chikhristu. Basov ndi Prokhorov anagwira ntchito yawo m'dziko la Soviet Union, limene boma lake linkakana Mulungu poyera, ndipo masamu awo anatuluka chimodzimodzi ndi a Townes.

Baibulo likamati Mulungu ndiye kuunika, kodi likunena kuwala komweku kumene asayansi amayesa?

Ayi, ndipo pamfundoyi mpingo unakhetsapo thukuta. Kuwala kumene timaona n'cholengedwa. Kuli ndi liwiro lodziwika, makilomita pafupifupi 300,000 pa sekondi, ndipo kochokera ku dzuwa kumatenga mphindi 8 ndi masekondi pafupifupi 20 kuti kutifike. Chinthu chimene chimatenga nthawi kuti chifike, chimene khoma limatha kuchitchinga, si Mulungu. Genesis 1:3 amanena momveka kuti Mulungu analamula kuti kuyere, ndipo kunayera. Wolamula ndi wina, cholamulidwa ndi china.

M'zaka za m'ma 200, mphunzitsi wina wa ku Persia dzina lake Mani anayambitsa chipembedzo chonena kuti kuwala ndi mdima ndi maufumu awiri osatha, olimbana kuyambira kalekale, ndi kuti tizidutswa ta kuwala kwa Mulungu tinatsekeredwa m'matupi ndi m'zomera. Augustine, amene pambuyo pake anakhala bishopu wa ku Hippo m'dziko limene lero ndi Algeria, anatsatira chiphunzitsochi kwa zaka pafupifupi 9 asanabatizidwe mu 387. Atachisiya anachitsutsa mwamphamvu. Ankati choipa si ufumu wina wolingana ndi Mulungu, koma ndi kusowa kwa chabwino, monga mdima uli kusowa kwa kuwala. Mfundo imeneyi ikufunika kuimvanso lero, chifukwa maulaliki ena amamukweza Satana mpaka kumveka ngati iye ndi Mulungu ali pampikisano wa anthu olingana mphamvu.

Ku msonkhano wa ku Nicaea mu 325, mabishopu anagwiritsa ntchito kuwala pa nkhani ina. Wansembe wa ku Alexandria, Arius, ankaphunzitsa kuti inalipo nthawi imene Mwana kunalibe. Poyankha, chikhulupiriro chimene analemba chinati Mwana ndi kuwala kochokera ku kuwala. Ganizo lake linali lakuti simungakhale ndi dzuwa lopanda kunyezimira kwake, ngakhale kwa kamphindi, zimene Ahebri 1:3 amanenanso. Linali fanizo, ndipo iwo ankadziwa kuti ndi fanizo. Akhristu a Orthodox anapitirira pamenepo. M'zaka za m'ma 1300 Gregory Palamas anaphunzitsa kuti kuwala kumene Petro, Yakobo ndi Yohane anaona paphiri Yesu atasandulika sikunali kolengedwa konse, ndipo misonkhano ya ku Constantinople ya mu 1341 ndi 1351 inavomereza. Kwa iwonso, kuwala kwa Mulungu si kumene mungakuyese ndi makina.

Genesis amati kuwala kunakhalako tsiku loyamba, dzuwa tsiku lachinayi. Kodi sayansi yatsimikizira zimenezi?

Asayansi amanenadi kuti chilengedwe chinali chodzala ndi kuwala nyenyezi iliyonse isanakhaleko, ndipo ena amalumphira pomwepo kuti Genesis wapambana. Koma munthu amene anali ndi chifukwa chachikulu chokondwerera zimenezi anakana kutero. Georges Lemaître, wansembe wa Katolika wa ku Belgium, ndiye anaonetsa mu 1927 kuti chilengedwe chikufutukuka, ndipo mu 1931 anati chinayambira pa chinthu chimodzi chothinana kwambiri. Papa Pius XII atalankhula mu 1951 ngati kuti sayansi yachitira umboni mawu aja akuti kuyere, Lemaître sanakondwe nazo. Ankaona kuti chikhulupiriro chikatsamira pa zimene sayansi yanena chaka chino, chidzagwa sayansiyo ikadzakonza mawu ake.

Mipingo yathu simvana pa kamvedwe ka masiku 6 a chilengedwe, ndipo tsamba lino silithetsa mkanganowo. Koma pali chinthu chimene onse angaone. Mitundu yozungulira Israele inkapembedza dzuwa: Aigupto anali ndi Ra, Ababulo anali ndi Shamash. Genesis 1 satchula n'komwe dzuwa ndi mwezi mayina awo. Amangoti zounikira zazikulu ziwiri, zopatsidwa ntchito pa tsiku lachinayi, kuunika kulipo kale.

Pamene Yesu ankati "Ine ndine kuunika kwa dziko lapansi," omvera ake ankaona kuwala kotani m'maganizo?

Moto wa nyali. Mawuwa ali pa Yohane 8:12, ndipo chaputala 7 chimasonyeza kuti Yesu anali ku Yerusalemu pa phwando la misasa. Mabuku akale a Ayuda amafotokoza kuti pa phwandoli ankayatsa nyali zikuluzikulu m'bwalo la akazi la Kachisi, zingwe zake zopangidwa ndi zovala zakutha za ansembe, ndipo kuwala kwake kunkafika m'mabwalo a nyumba za mumzinda wonse. Phwandolo linkakumbutsa ulendo wa m'chipululu, kumene moto unkatsogolera Aisraele usiku. Yohane 8:20 amati Yesu ananena mawuwa pamalo osungira zopereka, amene anali pa bwalo lomwelo.

Kunyumba, nyali inali kambale kadothi kokwana m'dzanja, kothiramo mafuta a azitona, ndi kachingwe kotulukira pamlomo pake. Amene anawerengerapo mayeso pa koloboyi akuidziwa bwino nyali ya mtundu umenewu: imafuka, imagwedezeka ndi mphepo, mafuta akatha imazima. Mavesi ambiri okondedwa a kuunika amanena za nyali yotere. Anamwali 10 a pa Mateyu 25 vuto lawo linali mafuta. Mtumiki wa pa Yesaya 42:3 sazimitsa chingwe chimene chikungofuka. Salimo 119:105 likamati mawu a Mulungu ndi nyali ya kumapazi, likunena kuwala kokwanira kuona popondapo, osati kuona mathero a ulendo. Ndipo pa Mateyu 5:15 nyali saivundikira m'mbiya koma amaiika pamwamba, kuti iunikire onse a m'nyumbamo.

Ndiye kuti mlaliki amene amafanizira mpingo ndi laser akulakwitsa?

Si tchimo, koma nthawi zambiri fanizolo limaphunzitsa zosiyana ndi vesi limene lawerengedwa. Taganizani. Laser singaunikire onse a m'nyumba. Mukalowa nayo m'chipinda chamdima muona kadontho kamodzi pakhoma, koma mupunthwa pampando umene uli patsogolo panu. Ntchito yaikulu ya kuunika m'Baibulo ndi yakuti munthu aone zinthu zina: njira, nkhope ya mnzake, ntchito zake zomwe, monga Yohane 3:20-21 ndi Aefeso 5:13 amanenera. Pa ntchito imeneyi laser ndi yolephera kuposa kandulo.

Chachiwiri n'chokhudza umodzi. Mphamvu ya laser imachokera poti ma photon ake onse ndi ofanana, mtundu umodzi, kayendedwe kamodzi. Koma umodzi umene Paulo amafotokoza pa 1 Akorinto 12 ndi wa ziwalo zosiyana: diso, khutu, phazi, dzanja. Iye mpaka amafunsa kuti thupi lonse likanakhala diso, kumva kukanakhala kuti? Khamu la pa Chivumbulutso 7:9 ndi la mitundu yonse ndi manenedwe onse. Ngati tikufuna kuwala kofanana ndi zimenezi, ndi kuwala koyera kwa dzuwa, kumene kuli mitundu yonse pamodzi. Ine ndimachita mantha pang'ono ndikamva mtsogoleri akukonda kwambiri fanizo la laser, chifukwa kawirikawiri chimene akufuna ndi anthu oganiza monga iye, olankhula monga iye, osafunsa mafunso.

Pali malo amene fanizoli limakhala bwino. Ahebri 4:12 amanena za mawu akuthwa kuposa lupanga, olowa mpaka kulekanitsa mfundo ndi mafuta a m'mafupa. Pamenepo laser ya dokotala, imene imadula pamalo oyenera osawononga pambali, ikhoza kuthandiza omvera. Koma onani kuti vesilo likunena za lupanga, osati za kuunika. Mfundo inanso yoona ndi yakuti laser sipanga mphamvu payokha. Mukaichotsa ku magetsi imazima nthawi yomweyo, ndipo wolalikira pa Yohane 15:5, pamene Yesu amati popanda Iye sitingachite kanthu, akhoza kuigwiritsa ntchito mosanama.

Nanga kuwala kumene kunachititsa Saulo khungu pa njira ya ku Damasiko?

Baibulo limadziwa kuti kuwala kukhoza kuvulaza. Saulo anakhala masiku 3 osaona. Mose anauzidwa kuti munthu sangaone nkhope ya Mulungu n'kukhala ndi moyo, ndipo iye mwini atatsika m'phiri ankaphimba nkhope chifukwa anthu ankaopa kunyezimira kwake. 1 Timoteo 6:16 amati Mulungu amakhala m'kuunika kosafikirika. Zonsezi zikunena za chiyero. Mavidiyo a pa YouTube onena kuti Saulo anawombedwa ndi laser ya zolengedwa za m'mlengalenga alibe umboni uliwonse, ndipo amasiya mbali imene nkhaniyo imatsindika: liwu lomuitana dzina, ndi Hananiya, mmodzi mwa anthu amene Saulo anabwera kudzamanga, akumuika manja n'kumutchula kuti mbale.

Kodi timizere ta pa katundu timene laser imawerenga m'sitolo tili ndi 666?

Mphekeserayi ndi yakale. Katundu woyamba kuwerengedwa ndi makina otere anali paketi ya chingamu ya Wrigley's, pa 26 June 1974, m'sitolo ya Marsh ku Troy m'chigawo cha Ohio, ndipo pasanapite zaka zambiri nkhani ya 666 inali itayamba kuyenda. Gwero lake ndi ili. Pa timizereti pali magulu atatu a mizere iwiri yopyapyala yotalikirapo: koyambirira, pakati ndi kumapeto. Chimodzi mwa zizindikiro za nambala 6 chilinso ndi mizere iwiri yopyapyala, choncho kwa diso la munthu zimaoneka zofanana. Kwa makina sizifanana. Nambala iliyonse imatenga timipata 7, kuphatikizapo malo oyera, pamene mizere ya m'mbali imatenga 3 ndipo ya pakati 5. Si manambala konse. Imangouza makina poyambira, pakati ndi pothera. George Laurer wa kampani ya IBM, amene anakonza kalembedweka, anakhala akuyankha funsoli kwa zaka zambiri, ndipo yankho lake silinkasintha: zinangochitika kuti zikuoneka zofanana.

Chivumbulutso 13 chimanena za chizindikiro cha pa dzanja lamanja kapena pamphumi pa munthu, chogwirizana ndi kulambira chilombo. Paketi ya shuga silambira kanthu. Akatswiri ambiri a Baibulo amaona kuti 666 ndi chiwerengero cha dzina la mfumu ya Aroma, Nero, likalembedwa m'zilembo za Chihebri, ndipo mipukutu ina yakale ili ndi 616. Mipingo ina imamasulira mosiyana, koma palibe kumasulira kumene kumasanduliza mizere ya pabotolo la mafuta ophikira kukhala chisankho cha mtima. Komanso makina ambiri atsopano a m'masitolo amagwiritsa ntchito kamera, laser mulibemo.

Kodi laser yathandizapo mpingo mwachindunji?

Kwambiri, pa kusunga zakale. Laser yothwanima mwachidule imatha kuchotsa mwaye ndi litsiro pamwala osakanda chimene chili pansi pake. M'zaka za m'ma 1990, oyeretsa zitseko zazikulu za tchalitchi cha Amiens ku France anapeza zotsalira za utoto pa ziboliboli zimene anthu ankaganiza kuti zinali zotuwa kuyambira kale. Mu 2010 akatswiri a ku Vatican analengeza kuti m'manda apansi a Santa Tecla ku Roma, atachotsa ndi laser miyala ya laimu imene inamatirira padenga, anapeza nkhope za Petro, Paulo, Andreya ndi Yohane zojambulidwa chakumapeto kwa zaka za m'ma 300.

Nkhani yodziwika kwambiri ndi ya Notre-Dame ku Paris. Andrew Tallon, mphunzitsi wa ku Vassar College ku America, anayesa tchalitchichi ndi makina a laser n'kusunga miyeso yoposa 1 biliyoni ya makoma, mizati ndi denga. Anamwalira mu 2018. Pa 15 April 2019 tchalitchicho chinapsa, ndipo miyeso yake inakhala m'gulu la zinthu zimene omanganso anali nazo m'manja. Chinatsegulidwanso pa 7 December 2024.

Kodi n'koyenera kuika magetsi othwanima ndi ma laser m'tchalitchi kapena pa msonkhano wa chitsitsimutso?

Mkangano uwu ndi wamkulu kuposa magetsi. Suger, mkulu wa amonke ku Saint-Denis pafupi ndi Paris, anamanga mbali ya tchalitchi yodzala ndi mawindo a magalasi amitundumitundu, imene inadalitsidwa mu 1144. Ankakhulupirira kuti kukongola kooneka kumakweza mtima kupita kwa Mulungu. Mmonke wina wa m'nthawi yake yomweyo, Bernard wa ku Clairvaux, anali atadandaula kale za matchalitchi a amonke onyezimira makoma pamene osauka ake ali ausiwa. Onse awiri anali ndi mfundo. Mpingo wakhala ukulalikira ndi kuwala kuyambira kale: kandulo ya Pasaka imene Akatolika ndi Aangilikani amayatsa mumdima usiku wa Loweruka Loyera, aliyense n'kuyatsirako yake, imanena zambiri popanda mawu.

Choncho funso si lakuti magetsi ndi oyera kapena odetsedwa. Funso n'lakuti akuloza kwa yani, ndipo ndalama zake zachokera pa chiyani. Kandulo ya Pasaka imachititsa kuti muone nkhope ya woyandikana naye. Magetsi a pansanja amazimitsa nkhope za onse kuti muone munthu mmodzi. Anthu akayamba kuyesa kupezeka kwa Mzimu ndi utsi ndi kuthwanima, akumbukire kuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, ndi kuti 2 Akorinto 11:14 amati Satana yemwe amadzionetsa ngati mngelo wa kuunika. Ndipo ngati mwaganiza zoika ma laser, alozetseni pamwamba pa mitu ya anthu. Amawononga maso, amawononganso makamera.

Dokotala wati diso langa lifunika laser. Kodi kuvomera ndi kuchepa chikhulupiriro?

Ayi. Yesaya analamula kuti aike nkhuyu pa chithupsa cha mfumu Hezekiya, Paulo amatchula Luka kuti sing'anga wokondedwa, ndipo mipingo yomweyi ndiyo inamanga zipatala monga cha Nkhoma, chodziwika ndi ntchito ya maso. Pempherani, ndipo pitani.

Ndi bwino kudziwa chimene laser imachita. Kwa odwala shuga, timitsempha ta kumbuyo kwa diso timatha kudontha kapena kumera mosayenera, ndipo laser imawotcha timalo tosankhidwa kuti vutolo lisapitirire. Kawirikawiri imateteza kuona kumene kwatsala, sibweza kumene kunatayika, n'chifukwa chake kuchedwa n'koopsa. Imathandizanso pa matenda ena okweza mphamvu ya madzi m'diso. Ng'ala ndi nkhani ina. Siisungunulidwa ndi laser, koma amachita opaleshoni yochotsa kagalasi ka m'diso kamene kachita chifunga n'kuikamo kena kopanga. Laser imabwera pambuyo pake, ngati kachikopa kotsala kumbuyo kwa kagalasi katsopanoko kachitanso chifunga, ndipo zimenezo zimatenga mphindi zochepa.

Mwana wagula kalaser kobiriwira pamsika. Ndimulande?

Mulandeni. Diso lili ndi kagalasi kake kamene kamasonkhanitsa kuwala, choncho kadontho kamene mukuona pakhoma kamakafika kumbuyo kwa diso katachepa kwambiri ndiponso katakula mphamvu. Mbali imeneyo ilibe mitsempha yomva ululu, ndiye mwana akhoza kupsa osalira. Tilaser tambiri totchipa timakhala ndi mphamvu yoposa imene yalembedwa pachikuto, ndipo tina tobiriwira timatulutsanso kuwala kosaoneka kumene sikuchititsa munthu kuphethira.

Okonda mpira akukumbukira masewero a pa 29 March 2022 pakati pa Senegal ndi Egypt, pamene nkhope ya Mohamed Salah inadzala timadontho tobiriwira akukonzekera kumenya penote. FIFA inalipiritsa bungwe la mpira la Senegal ndalama za ku Switzerland zokwana 175,000 chifukwa cha zimenezi ndi chisokonezo china cha tsikulo. Amene muli ku Britain kapena ku America dziwaninso kuti kulozetsa laser pa ndege ndi mlandu umene ungakutsekereni m'ndende mpaka zaka 5.

Ngati mwana wasewera nako kale ndipo akunena kuti akuona kadontho kakuda pakati, kapena mizere yowongoka ikuoneka yokhota, mupititseni kuchipatala cha maso tsiku lomwelo, ndipo kalaserko mukatenge kuti dokotala akakaone.